Mbaula Yopanda Utsi ndi Mbewu ya Nankhoma

Panali mtsikana wina, dzina lake Mwandida, amene ankaphunzira uinjiniya pa yunivesite ina m'dziko muno. Anali m'chaka chake chomaliza. Mutu wake unkagwira, ndipo aphunzitsi ankamukonda chifukwa ntchito sankabweretsa mochedwa. Anakulira m'tauni, komwe magetsi akathima anthu amayatsa makala. Kumudzi ankapitako pa maliro pokha, ndipo ankabwerako tsiku lomwelo.

M'chaka chomaliza wophunzira aliyense ankayenera kuchita kafukufuku wakewake. Ankayenera kupeza vuto lenileni la anthu, kupanga chinthu cholithetsa popanda kuwononga chilengedwe, kenako kusonyeza ndi manambala kuti chinthucho chikugwiradi ntchito. Anzake ena anasankha njerwa zosawotcha, ena mijigo yoyendera dzuwa. Mwandida anasankha utsi. Anali atawerenga kuti utsi wa m'khitchini umadwalitsa amayi ndi ana, ndiponso kuti nkhuni zothera pa mafuwa atatu zikumeta mapiri athu. Zimenezi n'zoona, ndipo pasapezeke wina wotuluka muno n'kumakanena kuti ine ndati utsi ndi mankhwala.

Anajambula mbaula ya nkhuni, youmba ndi dothi la pachulu, yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi kunja. Miyezi itatu anakhalira kuiyesa kuseri kwa kalasi. Ankaumba, kuwiritsa madzi, kuyeza, kugumula, n'kuumbanso, mpaka zikhadabo zake zinatha ndi dothi. Anzake ankamuseka kuti makolo ake anamutumiza ku yunivesite kudzaphunzira kuumba mbiya. Tsiku lina tinkhuni titatu tinapsetsa nyemba zouma, utsi wonse ukutulukira pa chumuni, ndipo mphunzitsi womuyang'anira anati yakwana, apite nayo kwa anthu.

Ananyamuka mwezi wa Meyi, anthu atangokolola, kupita ku kamudzi kena ka m'mapiri a ku Ntchisi. Mabanja khumi anavomera kuumbiridwa mbaula. Iye anafikira kwa mayi wina wamasiye, Nankhoma, amene ankakhala ndi mwana wake wotsiriza, Jenala, wa zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anali ndi chifuwa chosatherapo, moti akayamba kutsokomola ankachita kugwira khoma. Nankhoma anapatsa mlendoyo mphasa yake yatsopano, iye n'kumagona pa yakale yong'ambika. Sabata isanathe anali atayamba kumuitana kuti mwana wanga, ndipo Mwandida ankamuitana kuti mayi.

Tsopano tcherani khutu, pakuti nkhani yonse yagona apa. M'khitchini mwa Nankhoma, pa mtanda wa denga, pamwamba penipeni pa mafuwa, panalendewera chimanga cha mbewu. Chaka chimenecho mvula inadula msanga ndipo zokolola zinali zochepa. Nankhoma anasankha zitsononkho zazikulu zokhazokha, zosasenda, n'kuzimanga ziwiriziwiri, n'kuzipachika pamenepo kuti zidikire mvula ya Novembala. Chinali chimanga cha makolo, cholimba chija, chomwe mbewu yake anachita kupatsidwa ndi mayi ake pokwatiwa. Mbewu ina analibe, ndipo analibenso pogwira kuti akagule ya m'sitolo. Chakudya chake ndi cha Jenala cha chaka chotsatira chinali pa mtanda umenewo.

Mbewuyo inkasungidwa ndi utsi. Moto ukayaka m'mawa ndi madzulo, utsi unkakwera n'kulowa m'makoko, ndipo anankafumbwe sankayandikirako. Nyumba iliyonse m'mudzimo inkachita chimodzimodzi. Palibe ankazinena, monga momwe munthu sanenera kuti mtsuko wa madzi timauvindikira.

Mwandida anaziona zitsononkhozo tsiku loyamba lomwe. Anaonanso pambali pake makoko otsala a chaka chatha, akuda bii ndi mwaye. Mtima unamupweteka. Anaganiza kuti ngati utsi ukudetsa makoko chotere, nanga m'chifuwa mwa Jenala muli bwanji? Anatulutsa foni n'kujambula. Sanafunse chifukwa chake chimanga chinali pamenepo, pakuti anali kale ndi mafunso ake, makumi anayi ndi awiri, olembedwa pa fomu. Fomuyo inkafunsa kuti maso amawawa kangati pa sabata, ndi kuti ana amatsokomola miyezi iti. Funso loti utsi umagwira ntchito yanji m'nyumba munalibemo. Koma fomuyo inalembedwa mu ofesi ndi anthu ophunzira, inadutsanso m'manja mwa komiti, choncho palibe akanaikayikira.

Mbaula khumi zinaumbidwa, ndipo zinagwira ntchito. Amayi ankatuluka panja kukaona utsi ukufuka pamwamba pa denga, n'kulowanso kudzaona mphika ukuwira, n'kumaseka. Maso anasiya kulengeza misozi pophika. Patatha milungu itatu chifuwa cha Jenala chinayamba kuchepa, ndipo mwanayo anayamba kuthamanga ndi anzake osaima panjira. Mwandida anali wosangalala kwambiri, ndipo chimwemwe chakecho chinali chomuyenera. Pa khoma la khitchini iliyonse anakoloweka kachipangizo koyeza utsi, kakang'ono ngati sopo, komwe kankasunga manambala a tsiku ndi tsiku.

Tsiku lobwerera, akumanga chikwama, anaona Nankhoma ataima m'khitchini akuyang'ana kudenga.

"Nanga utsiwu, wonse uzipita kunja?" anafunsa Nankhoma.

"Wonse, mayi. Ngakhale pang'ono sutsala."

Nankhoma anangoti chabwino, n'kumunyamulira chikwama mpaka kumsewu.

Mu Julaye, kukuzizira, Mwandida anabweranso kudzawerenga tizipangizo tija. Atatsegula laputopu, nkhope inagwa. Manambala a utsi anali otsika masiku ambiri, koma pakapita masiku atatu kapena anayi ankakwera mwadzidzidzi, tsiku limodzi, n'kutsikanso. Zinali choncho m'nyumba zonse khumi. Poyamba anaganiza kuti tizipangizoto tawonongeka. Kenako anasuzumira kuseri kwa chitseko cha khitchini ina, n'kupeza mafuwa atatu ataunjikidwa, akadali ofunda. Anayenda nyumba ndi nyumba, ndipo paliponse anawapeza.

Mwandida anapsa mtima, komanso anachita mantha. Mabuku anali atamuchenjeza kale kuti anthu akumudzi amakakamira zakale, choncho yankho anali nalo asanafunse. Ndi manambala otero sakanatha kusonyeza kuti mbaula yake imachotsa utsi, ndipo kafukufuku akalephera chaka chimabwerezedwa. Anakumbukira mayi ake omubereka, omwe ankakhala padzuwa tsiku lonse ndi mulu wa kaunjika kuti iye amalize sukulu. Anasonkhanitsa amayi aja pansi pa mtengo wa mango n'kuwapempha kuti asiye moto wa pansi. Amayiwo anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti amva. Inu okulira m'tauni dziwani kuti kumudzi mlendo satsutsidwa pagulu, ndipo munthu akati wamva, nthawi zina akungonena kuti makutu ake ndi abwinobwino.

Kwa Nankhoma zinali zina, chifukwa awiriwa ankadyera m'mbale imodzi. Mwandida anakokera mafuwa pakati pa khitchini n'kufunsa kuti ngakhale iwo, mayi ake, angamuchite zimenezi? Misozi inali ikutsika.

"Timangofukizako pang'ono, mwana wanga," anatero Nankhoma motsitsa mawu. "Si kuti mbaula yako taikana ayi. N'chifukwa cha mbewuzi."

Mwandida anakweza maso. Anaona kuti patatha miyezi iwiri makoko a mbewu yatsopano anali akadali oyera ndithu, pomwe a chaka chatha anali akuda bii pambali pake. Apa n'pamene nzeru za m'kalasi zinamufikira, ndipo zikanakhala bwino zikanachedwa. Anaona umboni womwe aliyense akanaumva popanda manambala: chimanga chakuda cha nthawi ya mafuwa, ndi chimanga choyera cha nthawi ya mbaula, zili pa mtanda umodzi. Mawu a Nankhoma anawamva, koma anawamva ngati dandaulo loti mbewu yayera mosazolowereka.

"Mbewuzo n'zimene zikundichitira umboni, mayi. Taonani mmene zayerera."

Nankhoma anayesa njira ina. Anati mwina angazitsitse n'kukazipachika kwa mlamu wake kutsidya kwa mtsinje, komwe ankaphikabe pa mafuwa, kuti khitchini ino ikhale yopanda utsi monga mwanayo akufunira. Mwandida anakana. Anafotokoza kuti pa kafukufuku sasintha kanthu pakati pa ulendo, chilichonse chimakhala pomwe chinali, kuti poyerekeza poyamba ndi pomaliza pasakhale chokayikitsa. Anaphunzitsidwa choncho, ndipo m'kalasi anakhoza bwino funso limeneli. Kenako anagwada pa dothi n'kugwira manja a mayiyo.

"Musazitsitse, ndipo musayatse moto wa pansi, mpaka ndidzabwere mu Seputembala kudzajambula komaliza. Mukasintha kanthu, zaka zanga zisanu zalowa m'madzi. Ndilonjezeni, mayi."

Nankhoma anaweramitsa mutu. Mwandida anayesa kuti mayiyo akuchita manyazi chifukwa chogwidwa, osadziwa kuti akuwerenga miyezi chamumtima. Julaye ndi Ogasiti kumazizira, ndipo anankafumbwe sachuluka. Mwandida akadzafika Seputembala akuyamba, iye adzafukiza mwamphamvu kutentha kusanafike, ndipo mwina mbewu idzapulumuka. Anayang'ana Jenala akusewera panja osatsokomola, anayang'ananso mwana wa eni ake atagwada pa phulusa akulira. Analonjeza.

Mwandida ananyamula mafuwa aja limodzilimodzi, n'kukawagubuduzira kuchigwa kuseri kwa nyumba. Miyala si yosowa m'mapiri, ndipo Nankhoma akanatha kutola ina tsiku lomwelo. Chinamumanga ndi mawu ake. Mwandida anajambula mtanda uja kuchokera mbali zitatu, anasiya nambala yake ya foni pa kapepala, n'kubwerera kutauni mtima uli m'malo.

Kumapeto kwa Ogasiti mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anatolera tizipangizo tonse n'kutitumiza pa basi, monga anapangirana. Mwandida atatiwerenga, anapeza kuti m'nyumba zisanu ndi zinayi utsi unkakwerabe pakapita masiku angapo. Amayi aja anamvadi ndi makutu okha. Koma m'nyumba ya Nankhoma manambala anali otsika tsiku lililonse, osaphonya ngakhale limodzi. Mphunzitsi wake atawaona anasangalala. Anati nyumba imodziyo ikusonyeza zomwe mbaula imachita ikagwiritsidwa ntchito moyenera, ndipo zina zija zikusonyeza kuti anthu akufunika kuphunzitsidwa. Anatinso chithunzi cha mu Julaye n'chokwanira, nthawi yatha, akhale pansi alembe.

Choncho ulendo wa Seputembala unafa. Palibe anaupha mwadala. Unangosowa ntchito, chifukwa chomwe akanakatenga anali nacho kale m'manja. Kawiri konse Mwandida anakumbukira kuti ayenera kutumiza uthenga kumudzi kuja. Koyamba anali pamzere wosindikiza mapepala, kachiwiri anali m'minibasi, ndipo konseko anati aimba mawa. Iye ankaona kuti kafukufuku watha, koma sanaganize kuti kwa munthu amene anamulonjeza, chinthu chimatha pokhapokha wauzidwa kuti chatha.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, foni yake inalira katatu pa masiku osiyana. Inali nambala yachilendo, ndipo inkangolira kamodzi n'kudula, monga amachitira munthu wopanda mayunitsi. Mwandida anali kalikiliki kukonzekera kukaima pamaso pa aphunzitsi. Anati mumtima mwake wofuna munthu amaimba, n'kuika foni m'chikwama.

Tsiku lofotokoza kafukufuku, holo inadzaza. Chithunzi cha mtanda uja chitaonekera pa khoma, chimanga choyera pambali pa makoko akuda, anthu anang'ung'udza mogoma. Pulofesa wina wa imvi anaimirira n'kunena kuti uinjiniya weniweni ndi umenewu, wofika pa moyo wa mayi wakumudzi. Anamuombera m'manja nthawi yaitali. Mwandida anakhoza kuposa anzake onse, ndipo mayi ake analulutira mpaka mawu anasasa. Bungwe lina losamalira nkhalango linamulemba ntchito, chifukwa linkafuna kuumba mbaula zotere m'maboma atatu. Linangomupempha kuti asanayambe, apite kaye kumudzi kuja akaone mmene mbaula zakhalira patatha miyezi khumi.

Anapita mu Malichi, atanyamula chitenje chatsopano ndi shuga, ndiponso fomu ina. Njinga yamoto inadutsa pakati pa minda ya chimanga chachitali, ndipo m'makomo munkamveka fungo la dowe wowotcha. Kumunsi kwa njira anaona munda umodzi wosiyana ndi inzake. Chimanga chake chinali chofika m'mawondo, chachikasu, ndipo mizere yambiri inali udzu wokhawokha. Anaganiza kuti mwini wake ndi waulesi kapena wodwala, ndipo njinga inapitirira.

Nankhoma anamulandira pakhomo ndi manja awiri. Anali ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno, koma Malichi ndi mwezi woonda anthu ambiri, ndipo Mwandida sanafune kufunsa za thupi la munthu wamkulu. Atapatsana moni anafunsa za Jenala. Nankhoma anati mwanayo anamutumiza kwa amalume ake ku esiteti ya fodya ku Kasungu mu Januwale, kumeneko akuthandiza kusoka fodya, koma akudya. Mwandida anadabwa kuti mwana wa chifuwa angamutumize bwanji ku fodya, sukulu ili mkati. Anasunga funsolo kuti afunse pambuyo, n'kutulutsa fomu, pakuti anaphunzitsidwa kuyamba ndi ntchito mutu usanatope.

Anafunsa ngati mbaula yang'ambika penapake, ndipo Nankhoma anati ayi, amaizira mwezi ndi mwezi. Anafunsa ngati chumuni chimatsekeka, ndipo anati ayi. Kenako anafunsa kuti sabata imeneyo agwiritsa ntchito mitolo ingati ya nkhuni.

"Umodzi womwewo sunathe," anayankha Nankhoma.

Mwandida anamwetulira. Ngakhale kuseri kwa kalasi kuja mbaula sinasungepo nkhuni chotere. Analemba nambalayo n'kuidula mzere kunsi kawiri, akuganiza za nkhope za mabwana ake akadzaiona. Funso lotsatira linali loti amaphika kangati pa tsiku.

"Pa tsiku?" anatero Nankhoma. "Sabata ino ndaphika katatu, mwana wanga."

Cholembera chinaima. Mwandida anayang'ana mayiyo bwinobwino kwa nthawi yoyamba chifikireni, mikono yake, khosi lake, ndipo anakumbukira munda wachikasu uja. Anadzuka n'kulowa m'khitchini.

Khitchini inali yosesa bwino. Mbaula inali yozira, yosalala, yozizira. Pa mtanda, zitsononkho zija zinali zikulendewerabe ziwiriziwiri, mwezi wa Malichi, pomwe mbewu ya nyumba iliyonse inali m'munda ikubereka. Nankhoma anaima pakhomo n'kumuuza kuti atsitse chimodzi. Mwandida anakwera pa mtondo n'kumasula. Chinali chopepuka ngati chinkhupule. Atasenda makoko, fumbi loyera linakhuthukira m'manja mwake ndi pa siketi, ndipo tizilombo takuda tinabalalika m'zala zake. Njere iliyonse inali ndi kabowo, ndipo akaifinya inkangophwanyika.

Nankhoma anafotokoza zonse mosakweza mawu, ngati akunena za mvula ya chaka china. Anati Seputembala yense ankati akamva njinga yamoto, ankasiya chomwe akuchita n'kuthamangira kumsewu. Mlangizi atabwera kudzatenga kachipangizo, Nankhoma anamufunsa ngati kafukufuku watha, koma mlangiziyo anati iye anangotumidwa zipangizo, zina sakuzidziwa. Kutentha kutafika anayamba kumva kuthetheka m'makoko akakhala phee m'khitchini. Anabwereka foni ya mnansi katatu, koma inalibe mayunitsi okwanira kulankhula. Anzake ankamunena kuti wapusa, afukize basi, mwana wa m'tauni uja sabweranso. Iye ankawayankha kuti mwanayo anagwada.

Mvula itagwa anatsitsa zitsononkho n'kupeza fumbi. M'nkhokwe munalibe chobzala, chifukwa chimanga chochepa chotsalacho anali atakonola kale kuti chisafumbwe, ndipo mphale simera. Anansi anamugawira m'manjam'manja, koma nawonso mbewu inali yongokwanira minda yawo. Yotsalayo anaipeza posinthanitsa ndi mphale yomwe ankati adye mpaka Malichi, ndiponso polima m'minda ya ena milungu itatu, mvula yabwino yobzalira ikudutsa. Anabzala Khrisimasi itayandikira, theka la munda. Chakudya chinatha mu Januwale, ndipo n'chifukwa chake Jenala anapita. Zitsononkho zofumbwazo anazimanganso n'kuzibwezera pa mtanda, poti mwina mwana wa m'tauni uja adzabwerabe kudzajambula.

Mwandida anali chiimire, manja ali mbuu ndi fumbi. Ankafuna kupepesa. Asanatsegule pakamwa, Nankhoma analowa, anagwada pang'ono monga amachitira munthu wolakwa, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Pali chimodzi choti undikhululukire, mwana wanga. Okutobala atatsala pang'ono kutha, mtima udandikanika. Ndidatola miyala, ndidafukiza masiku atatu. Sizidathandize, zidali zitalowa kale. Koma taona, makokowa adadako pang'ono. Kaya chithunzi chako chituluka bwino?"

Mwandida anakhala pansi pa dothi la khitchini yoyerayo n'kulira, ndipo mayi wanjalayo ndi amene anamutonthoza.

Tsono inu ophunzira amene sabata yamawa mukukwera mabasi ndi mafomu anu kukachita kafukufuku kumidzi, fanizoli ndi lanu. Mbaula ya mtsikanayu inali yabwino, ndipo masamu ake analibe cholakwa. Kachitseko kakang'ono pa chumuni, koti mayi azitsegula kamodzi pa masiku angapo ana ali panja, kakanapulumutsa chifuwa ndi mbewu yomwe. Ntchito yake ndi ya masana amodzi. Sanakapange chifukwa sanafunse kuti chinthu chomwe akuchotsacho chinkagwira ntchito yanji iye asanabwere. M'nyumba ya munthu wosauka mulibe chokhala pachabe, ngakhale utsi. Mukaona anthu khumi akubisa mafuwa kuseri kwa chitseko, musathamangire kulemba kuti ndi osamva. Ikani cholembera pansi, mufunse, ndipo wina akayamba kuyankha motsitsa mawu mumulole amalize.

Ndipo musamalonjezetse anthu mwachibwana. Kumeneko mukapeza ena amene adzasunga mawu anu kuposa mmene inu mudzawasungire. Inu mukakhoza mudzavala gauni n'kupita kwina, koma iwo adzatsala m'nyumba momwemo, akudya zomwe kafukufuku wanu wawasiyira.